Zikalata zonse m'chipinda chimodzi? Fizikisi ikukana

M'chaka cha 1919 moto unagwira maofesi akuluakulu a boma la atsamunda ku Zomba, n'kupsereza mafayilo ambiri a zaka zoyambirira za Nyasaland. Panali patangotha zaka zinayi chichitikire nkhondo ya John Chilembwe ya mu Januwale 1915. Lero akatswiri a mbiri yakale akafuna kudziwa bwino za nthawi imeneyo, amadalira kwambiri makalata amene anali atatumizidwa ku London ndiponso zolemba za amishoni. Mapepala amenewo sanali olimba kuposa anzawo aja anapsa. Anapulumuka chifukwa choti tsiku la moto anali kwina.

Papita zaka zoposa 100, koma phunziro limeneli sitinaligwiritsebe. Lowani mu ofesi ya sukulu, ya kopaletivi ya alimi a soya, kapena ya mpingo kuno ku Malomo, ku boma la Ntchisi, ku Mponela kapena ku Dowa. M'malo ambiri mukapeza zofanana: kabati imodzi, kiyi mmodzi, makatoni angapo pansi, ndipo mbiri yonse ya bungwelo ili momwemo. Maganizo anga ndi awa: bungwe lililonse, ngakhale laling'ono bwanji, liyenera kukhala ndi makope atatu a zikalata zake zofunika kwambiri, ndipo kope limodzi lizikhala kutali ndi anzake. Tisadikire boma, tisadikire mabungwe othandiza, tisadikire kuti tidzagule kompyuta yatsopano. Ndipo ndikuona kuti inu ophunzira a sekondale ndi amene muli ndi sayansi yokwanira kuyambitsa ntchitoyi. Mundilole ndifotokoze chifukwa chake, pogwiritsa ntchito fizikisi yomweyi timalimbana nayo m'kalasi.

Chikalata chofunika kwambiri n'chiti?

Si pepala lililonse loyenera kulitaira nthawi. Mayeso ake ndi funso limodzi: pepala ili litasowa lero, kodi pali munthu amene ataye ufulu wake, ndalama zake kapena thanzi lake, popanda njira ina yopezera umboni? Yankho likakhala eya, chimenecho n'chikalata chofunika kwambiri.

Pasukulu ndi kaundula wolembamo ophunzira pamene akuyamba, mabuku a malikisi, masetifiketi a MSCE amene eni ake sanabwere kudzatenga, mabuku a fizi, ndi mapepala osonyeza malire a malo a sukulu. Kuchipatala ndi kaundula wa katemera wa ana ndi wa odwala amene amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi. Kukopaletivi ndi buku losonyeza kuti mlimi wakuti anapereka matumba angati a soya kapena mtedza. Kubanki m'khonde ndi buku la masheya ndi ngongole. Kwa amfumu ndi kaundula wa m'mudzi ndi zolemba za milandu ya minda. Tangoganizani buku la kopaletivi litapsa alimi asanalipidwe. Aliyense adzakumbukira matumba ochuluka kuposa amene anapereka, ndipo chibale chidzathera pomwepo.

Zoterezi zachitikapo pa nkhani zazikulu. Mu Julayi 2014 moto unagwira nyumba yosungiramo katundu ya bungwe loyendetsa zisankho la MEC ku Lilongwe. M'nyumbamo munali mavoti a dera la Lilongwe City South East, amene khoti linali litalamula kuti awerengedwenso. Kuwerengako sikunatheke, ndipo anthu a m'deralo anadzavotanso mu Okutobala 2017, patatha zaka zoposa zitatu. Mu Disembala 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Apa pali kusiyana kofunika kukuona. Buku losindikizidwa limakhala ndi anzake kwina, n'chifukwa chake anthu akufuna kwabwino anatha kutumiza mabuku ena ku Mzuzu. Koma kaundula wolembedwa pamanja alibe mnzake padziko lonse. Akapita, wapita. Paja madzi akatayika saoleka.

Moto: bokosi lachitsulo ndi uvuni

Ambiri amakhulupirira kuti mapepala akalowa m'bokosi lachitsulo kapena m'kabati yachitsulo, basi nkhani yatha, popeza chitsulo sichiyaka. N'zoona, sichiyaka. Koma kumbukirani supuni ija mumaiwala m'kapu ya tiyi wotentha: pakapita kanthawi, chogwirira chake chimakuotchani ngakhale sichinakhudze tiyiyo. M'kalasi timati conduction. M'zitsulo muli maelekitironi omasuka amene amanyamula kutentha mwachangu kuchoka mbali ina kufika mbali ina. N'chifukwa chake timaphikira m'sefuliya, osati m'mbale yamtengo.

Tsono tiyike manambala. Pepala limapangidwa ndi cellulose wochokera ku mitengo, ndipo limayaka lokha kutentha kukafika pafupifupi madigiri 230. Moto wa m'chipinda chokhala ndi madesiki, makatani ndi mitanda ya denga umadutsa madigiri 600 mosavuta. Bokosi lachitsulo likakhala pakati pa moto wotere, limalandira kutenthako n'kukupereka m'kati. Lawi silifunika kulowa ayi. Mapepala amayamba afiira, kenako ada, kenako makala. Mukadzatsegula bokosi mawa lake, lidzakhala lathunthu ndithu, loko ali pomwepo, koma m'kati muli zinyenyeswa.

Nanga sefu yeniyeni yopirira moto imatha bwanji? Chinsinsi chake ndi madzi. M'makoma a masefu ambiri otere amaikamo zinthu ngati gypsum, mwala umene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake ndi madzi omangika m'kati mwake. Moto ukabwera, madzi aja amayamba kutuluka ngati nthunzi, ndipo kusandutsa madzi kukhala nthunzi kumadya mphamvu yoopsa. Werengetsani nokha. Kutenthetsa kilogalamu imodzi ya madzi kuchoka pa digiri 0 kufika pa madigiri 100 kumafuna majulu 420,000. Koma kusandutsa kilogalamu yomweyo kukhala nthunzi kumafuna majulu 2,260,000, kuposa kasanu. Ndi latent heat ija imakuvutani pa mayeso. Nthawi yonse imene madzi akuphwa, kutentha kwa khomalo sikukwera kwenikweni, monga momwe madzi a m'poto sapitirira mlingo wake wowirira ngakhale musonkhezere nkhuni zambiri. Kuno kumapiri amawira asanafike n'komwe pa 100, chifukwa mpweya supanikiza kwambiri ngati kunyanja ku Nkhotakota.

Mukhoza kuziona ndi maso, aphunzitsi anu ali pomwepo. Pindani pepala lolimba kukhala kabokosi, thiranimo madzi, n'kuligwira pamwamba pa kandulo. Pepala lidzada ndi mwaye koma silidzayaka malinga madzi alimo. Madziwo akulanda kutentha pepala lisanafike pa mlingo woyakira.

Komabe sefu imangogula nthawi, mwina theka la ola, mwina ola limodzi kapena awiri. Madzi aja akatha, yathanso. Masefu a mapepala amayesedwa kuti m'kati musapitirire madigiri 177, pamene matepi ndi madisiki a kompyuta amafuna kuti kutentha kusadutse madigiri 52. Ndiye sefu imene yapulumutsa setifiketi ikhoza kuphika disiki imene munaika pambali pake. Onjezerani kuti sefu yotere ndi yodula, ndiponso kuti galimoto yozimitsa moto ili kutali ndi ife. Mukuona kuti bokosi palokha si yankho.

Madzi, chinyezi ndi chiswe

Moto umatchuka chifukwa umaoneka. Koma adani amene amatha zikalata zambiri kwathu kuno amagwira ntchito mwakachetechete. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, madzi ndi matope zinalowa m'nyumba, m'sukulu ndi m'zipatala za kumwera, ndipo anthu ambiri anataya zonse, ndi mapepala omwe. Ena anganene kuti ife tili pamtunda, madzi osefukira satifika. Chabwino. Nanga mphepo ija imabwera ndi mvula yoyamba, n'kusasula malata a sukulu ngati ikusenda nthochi? Usiku umodzi denga palibe, mvula ikukhuthukira m'kabati.

Ngakhale denga likhale lolimba, madzi amadziwa kukwera kuchokera pansi. Dulani kachidutswa ka nyuzipepala, muviike nsonga yake m'madzi othira inki, muone madziwo akukwera okha. Imeneyo ndi capillarity. Pakati pa ulusi wa pepala pali timipata ting'onoting'ono, ndipo kampata kakachepa, madzi amakwera kwambiri. Njerwa ndi simenti nazo zili ndi timipata totere. Choncho katoni ya mafayilo yokhazikidwa pansi, kapena yotsamira khoma, imamwa chinyezi dzinja lonse popanda dontho limodzi kugwa kuchokera kudenga. Chinyezi cha mumpweya chikakhalitsa pamwamba pa 65 peresenti, nkhungu imayamba kumera. Pepala lonyowa limatha kuchita nkhungu m'masiku awiri okha. Masamba amamatirirana, inki imayenderera, dzina la munthu n'kusanduka banga lobiriwira.

Kenako chiswe. Kwa ife kaundula ndi mbiri, kwa chiswe ndi ndiwo, popeza cellulose ndiye chakudya chake. Chimalowa pansi, n'kudya m'kati, chikuto n'kuchisiya chokongola. Mbewa ndi makoswe amafuna zisa, mphemvu zimafuna guluu wa kumsana kwa buku.

Mankhwala a zimenezi ndi otsika mtengo moti n'zochititsa manyazi kuti sitiwachita. Mashelefu akhale okwera kuchoka pansi, masentimita 15 kapena kuposa, ndipo asagunde khoma, kuti mpweya uziyenda komanso kuti njira za chiswe zizioneka msanga. Zakudya zisalowe m'chipinda cha zikalata. Mafuta a jenereta, penti ndi feteleza zisagone limodzi ndi mafayilo. Musatsekere pepala lachinyezi m'jumbo, chifukwa mwatsekera chinyezicho momwemo. Ndipo malisiti aja oterera otuluka m'timakina ta m'mashopu ndi m'mabanki alibe inki. Pepala lake lili ndi mankhwala amene amada akatenthedwa, ndiye dzuwa ndi kutentha zimafufuta zolembazo pang'onopang'ono. Lisiti ya fizi yotere ijambuleni tsiku lomwelo. Mukati muimatire m'pulasitiki pa makina otentha aja, idzatuluka yakuda bii.

"Tikangogula kompyuta, mavuto atha"

Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri, ndipo sindigwirizana nawo. Kompyuta ndi yabwino, koma nayo ili pansi pa malamulo a fizikisi.

M'kati mwa hard disk muli kambale kozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi. Uthenga umasungidwa ngati timaginito tating'ono kwambiri pa kambaleko, ndipo kamutu kowerenga kamauluka pamwamba pake pa mpata wa mananomita ochepa chabe, wochepa kutalitali kuyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi lanu. Laputopu ikagwa pa tebulo ikugwira ntchito, kamutu kaja kakhoza kukanda kambale, zaka khumi za malikisi n'kupita pa sekondi imodzi.

Fulashi ndi memori khadi zilibe zozungulira. Zimasunga uthenga potsekera maelekitironi m'tizipinda tating'ono totchingidwa ndi insulator. Koma palibe mpanda wopanda kabowo. Maelekitironi aja amathawa pang'onopang'ono, ndipo kukatentha amathawa msanga. Fulashi yoiwalidwa m'dirowa kwa zaka zambiri siingadaliridwe, makamaka zotchipa zija zimalembedwa kukula kwabodza.

Nanga mphenzi? Siifunika kugunda ofesi yeniyeniyo. Mphenzi ndi karenti yaikulu kwambiri yosintha mwadzidzidzi, ndipo imapanga mphamvu ya maginito yosinthanso mwadzidzidzi. Michael Faraday anaonetsa mu 1831 kuti maginito akamasintha pafupi ndi waya, m'wayamo mumabadwa voteji. Ndiye mphenzi ikagwa pafupi ndi mawaya a magetsi, voteji yaikulu imathamanga m'mawayamo mpaka pa soketi yanu. Kukayamba kugunda, kuzimitsa kompyuta sikukwanira. Zulani pulagi.

Palinso adani amene pepala silikhala nawo kwambiri. Wakuba akathyola ofesi sanyamula kaundula wa Fomu 1, amanyamula laputopu. Ndipo ena amaba osathyola n'chitseko chomwe. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti m'dziko muno inaima kwa milungu yambiri, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali analowerera makompyuta a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka, n'kumafuna dipo. Amene anali ndi maulendo a sukulu, a ntchito ndi a kuchipatala kunja anangoti kakasi. Pa nkhani ya Cashgate ya 2013, zina mwa zolemba za malipiro zinkafufutidwa m'makompyuta a boma pofuna kubisa mapazi. Pa buku la pepala, tsamba long'ambidwa limasiya chizindikiro. Pa kompyuta yosatetezedwa bwino, mzere umangosowa.

Mwina mukuti, "Aphunzitsi, nanga tikasunga pa intaneti, pa cloud paja?" Ndi nzeru yabwino, ndipo ndiitchulanso. Koma dziwani kuti kumwambako kulibe mtambo wosunga mafayilo. Ndi nyumba yodzaza makompyuta, ili m'dziko linalake, ndipo ikhoza kupsa. Mu Malichi 2021 nyumba yotere ya kampani ya OVH inapsa ku Strasbourg, ku France. Makasitomala ena anataya zonse, chifukwa kope lawo lachiwiri linali pamalo omwewo. Za ku Zomba mu 1919 zija, koma ndi makina amakono.

Mababu atatu ndi fyuzi imodzi

Tsopano tafika pa mtima wa nkhani. Palibe chosungiramo chimene sichiwonongeka. Pepala limapsa, disiki imakandika, fulashi imadontha maelekitironi. Ndiye funso loti "tisunge pa chiyani" ndi laling'ono. Funso lalikulu ndi loti tilumikize bwanji.

Kumbukirani maseketi a ku labu. Mababu atatu mukawalumikiza mu series, limodzi likapsa onse amazima. Mukawalumikiza mu parallel, limodzi likapsa ena awiri amayakabe. Bungwe lokhala ndi kope limodzi lili ngati seketi ya series: denga, loko, mlonda, kabati, chilichonse chikalephera, mdima. Makope atatu ndi seketi ya parallel.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke. Tinene kuti mwayi woti kope limodzi liwonongeke m'zaka khumi ndi 1 pa 10. Makope akakhala awiri, mwayi woti onse awonongeke ndi 1/10 kuchulukitsa ndi 1/10, zomwe ndi 1 pa 100. Akakhala atatu, ndi 1 pa 1,000. Ntchito yawonjezeka katatu, chitetezo chawonjezeka ka 100. Ndi malonda ati ena amene amapindula chonchi?

Koma aphunzitsi anu a masamu anakuuzani kuti kuchulukitsa kotere kumaloledwa pokhapokha zochitikazo zili zosadalirana. Apa m'pamene ambiri amagwera. Mababu atatu a mu parallel akamadutsira fyuzi imodzi, fyuziyo ikapsa onse amazima limodzi. Kaundula ali m'kabati, fotokope yake ili m'dirowa, fulashi ili pa tebulo, zonse mu ofesi ya ahedi: amenewo si makope atatu. Pamaso pa moto ndi kope limodzi, ndipo mwayi wabwerera pa 1 pa 10. Fyuzi imodzi ikhoza kukhala chipinda chimodzi, denga limodzi, pasiwedi imodzi, kapena munthu mmodzi yekha wodziwa pamene zinthu zili. Munthuyo akasamutsidwa kapena akamwalira, zonse zatsekeka.

Agogo athu ankazidziwa izi asanamve za probability. Munthu wa mbuzi zambiri sankaziika zonse m'khola limodzi. Zina ankakaikiza kwa mlongo wake kutsidya kwa mtsinje, zina kwa malume kumudzi wina, kuti matenda, fisi kapena wakuba akalowa m'khola lino, mbewu ya ziweto isathe. Akatswiri a makompyuta amatchula nzeru yomweyi kuti lamulo la 3-2-1, limene wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, analitchukitsa: makope 3, pa zosungiramo za mitundu 2, ndipo kope 1 likhale kutali. Ife tingoti kuikiza.

Zingatheke bwanji kuno?

Tengani sukulu ya sekondale yoyendera. Kope loyamba ndi kaundula weniweniyo, pa shelefu yokwera, m'chipinda chouma. Kope lachiwiri ndi zithunzi za tsamba lililonse, zojambulidwa ndi foni, zoikidwa pa memori khadi kapena disiki, n'kukaikiza m'nyumba ina yakutali, monga kusukulu ina ya m'kalasitala yomweyo, iwonso n'kuikiza zawo kwa inu. Kope lachitatu likhale pa intaneti, pa akaunti ya sukulu osati ya munthu, ndipo pasiwedi idziwike ndi akuluakulu awiri kapena atatu odalirika.

Amene amati tilibe ndalama, tiwawerengetsere. Chithunzi chowerengeka bwino cha tsamba limodzi chimatenga pafupifupi 2 MB. Kaundula wa masamba 200 ndi 400 MB. Memori khadi ya 8 GB, yomweyo mumadzazamo nyimbo, ikhoza kunyamula masamba pafupifupi 4,000. Tsamba lililonse likamatenga theka la mphindi, kaundula yense atha m'mphindi 100, masana amodzi a Lachisanu. Jambulani pafupi ndi windo, foni itayang'ana tsamba molunjika kuti mizere isapindike, osagwiritsa ntchito fulashi ya kamera pa pepala lonyezimira. Kumene kulibe foni yabwino, pepala la kaboni likadalipo, ndipo dzanja lokopera likadalipo. Magulu ambiri a banki m'khonde anayamba kale: pali buku lalikulu, komanso membala aliyense ali ndi kabuku kake kunyumba. Bokosi lawo la maloko atatu limaletsa munthu mmodzi kutsegula yekha, koma timabuku tija ndi timene tingapulumutse gulu bokosilo litapsa.

Chinthu chimodzi chimene anthu amadumpha: yesani kope lanu. Ku labu sitikhulupirira seketi tisanaone babu likuyaka. Kamodzi pa teremu, wina atenge memori khadi ija, aitsegule pa foni ina, afufuze dzina la wophunzira wa zaka zisanu zapitazo. Likapezeka n'kuwerengeka, kope lili moyo. Tsiku lomwelo ajambule masamba atsopano, alembe deti, ndipo pakatha zaka zingapo asamutsire zonse pa khadi yatsopano.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza

Pali chotsutsa chimodzi champhamvu, ndipo sindichipeputsa. Makope akachuluka, makomo otulukira zinsinsi amachulukanso. Masamu omwe aja amatembenuka: kuti uthenga utayike, makope onse ayenera kuwonongeka, koma kuti chinsinsi chiululike, kope limodzi lokha likwanira. M'makaundula muli matenda a anthu, ngongole zawo, milandu ya ophunzira anzanu. Chithunzi chimodzi chikalowa pa gulu la WhatsApp, sichibwerera. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu mu 2024, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, ulemu wokha ukanatiletsa.

N'chifukwa chake ndikuti atatu, osati makumi atatu. N'chifukwa chakenso pali zikalata zimene wophunzira sayenera kuzigwira n'komwe: za kuchipatala, za chilango, za malipiro a aphunzitsi. Zimenezo ajambule akuluakulu a ntchitoyo, pa foni kapena kamera ya bungwe, mafayilo atsekedwe ndi pasiwedi, ndipo khadi yokaikiza imatidwe m'envelopu yosainidwa. Koma kuopa kuulula zinsinsi kusakhale chifukwa chokhalira ndi kope limodzi. Mayi amene kaundula wa mankhwala ake wadyedwa ndi chiswe sanatetezedwe. Watayidwa.

Dziko lili ndi nyumba yake yosungira zikalata ku Zomba, National Archives of Malawi, imene inayamba mu 1947. Imagwira ntchito yofunika, koma singafike pa kabati iliyonse ya ku Ntchisi ndi ku Dowa. Za pakhomo pathu n'zathu.

Ntchito ya kunyumba

Yambani ndi bungwe laling'ono kwambiri limene mulimo: banja lanu. Sonkhanitsani chiphaso chobadwira, zitupa za unzika za makolo, masetifiketi, mabuku a kuchipatala, mapepala a munda ndi a ngongole. Pemphani chilolezo kwa eni ake, zijambuleni, kope lina mukaikize kwa wachibale wodalirika wa mudzi wina. Setifiketi ya MSCE ikatayika, munthu amakhala ndi kolowera chifukwa MANEB imasunga zotsatira ku Zomba. Koma pepala la mgwirizano wa munda limene agogo anasainirana pamaso pa amfumu lilibe MANEB yake.

Ngati mapepala anyowa kale, musawasite ndipo musawayanike padzuwa lamphamvu, chifukwa amapindika n'kuuma gwa. Alekanitseni mosamala, ayaleni pamthunzi pamene mphepo ikudutsa, mabuku muwaimike chotsegula ngati fani, ndipo muchite zimenezi masiku awiri aja asanathe.

Kenako a kalabu ya sayansi, pitani kwa ahedi mwaulemu, mupemphe kuchita kafukufuku wa chipinda cha zikalata. Yezani kutalika kwa shelefu kuchoka pansi. Yang'anani madontho kudenga, njira za chiswe kukhoma, mawaya osenda, zinthu zoyaka msanga. Lembani mndandanda wa zikalata zofunika kwambiri, ndipo pa chilichonse muyankhe mafunso awiri: makope alipo angati, nanga fyuzi imene onse akudutsira ndi iti? Jambulani yankho lanu ngati seketi, kope lililonse likhale babu. Mukapeza kuti seketi ya sukulu yanu ndi ya series, muijambulenso momwe iyenera kukhalira, mulembe mtengo wake pansi, mukapereke ku ofesi mvula yoyamba isanagwe. Paja tsoka silinunkha.